Legeni la kumanzere

Chitsulo chinali pamwamba pa mutu wa a Lufeyo pamene ndinamva legeni likulira. Linalira pang'ono chabe, ngati nsalu ikamang'ambika. Ine ndinali kumbuyo kwawo. Ndinkadziwa chimene chikubwera, chifukwa mng'alu wa legenilo ndinali nditauona kale.

Ntchitoyo ndinaipeza chifukwa cha msana wanga. Kwathu ku Mitundu ndinkakweza mabelo a fodya m'malole. Tsiku lina lole yathu inaima pa Nathenje belo limodzi litapendekeka. Ndinalibweza ndekha. A Jafali, eni sitolo ina ya pamsewu, anandiona. Anali ndi jimu, malo onyamulira zitsulo, kuseri kwa sitoloyo ndipo ankafuna munthu. Anandifunsa ngati ndimayankhula kwambiri. Ndinati ayi. Anati ndiyambe Lolemba.

Jimuyo inali shedi ya malata, pansi dothi lokhalokha. Chitsulo chachikulu chinali paipi ya mjigo. Mbali zonse ziwiri tinkalowetsa madiramu a mabuleki a lole. Zomangira zogula tinalibe. Tinkamanga ndi malegeni, omwe aja odula ku chubu omangira katundu panjinga. Umazunguliza kasanu ndi kawiri kutsogolo kwa diramu, kukoka, n'kupisa nsonga pansi. Likagwira bwino, diramu silisuntha.

Panali masewera amene a Jafali anawatcha Chigayo. Munthu amatola chitsulo pansi, kuchifikitsa pachifuwa, n'kuchikankhira pamwamba pa mutu. Kasanu. Akachiponya pansi amagwa chafufumimba n'kupanga mapushapu makumi awiri. Kenako abwererenso pachitsulo. Maulendo atatu osapuma, foni ikuwerenga nthawi. Sizifika mphindi khumi, koma ndaonapo amuna akuluakulu akusanza kuseri kwa shedi.

Ntchito yanga yeniyeni inali pa nthawi ya mapushapu. Chitsulo chikamenya pansi, malegeni amakhwepa. Mwini wake ali chafufumimba, ine ndimagwada, kuyang'ana mbali zonse, kukoka, kumanganso. Akamadzuka ndikhale nditachoka. A Jafali anandiuza kamodzi kokha.

"Ukaona mng'alu, muimitse munthu. Kaya ndi ndani. Mawu ake ndi amodzi: Imani."

Lachinayi lina, mwezi wa Okutobala, ndinachapa malegeni chifukwa anali atada ndi thukuta ndi fumbi. Ndinawayanika padenga la malata n'kuwaiwala tsiku lonse. Dzuwa limaphika mphira. Nthawi imeneyo sindinkadziwa.

Mawa lake a Jafali anapita kumzikiti, ndinatsala ndekha. Ndiye anafika a Lufeyo, dalaivala wa minibasi, ndi anzawo awiri a pasiteji. Munthu wamkulu thupi, khosi ngati la ng'ombe ya pangolo. Ndinkawaopa. Ndinali nditawaonapo atanyamula kondakitala wawo ndi kolala ya malaya, mapazi akulendewera. Dzina langa sankalidziwa. Ankangoti Mitundu.

"Mitundu, manga msanga. Minibasi ikudzaza. Lero ndikuphwanya nthawi yanga, usandiimire kutsogolo ngati mbuzi pamsewu."

Mnzawo wogwira foni anaseka. "Awa amawaimitsa ndi atrafiki okha. Nawonso mwa apo ndi apo."

Ulendo woyamba unatha bwino. Ulendo wachiwiri anaponya chitsulo, ndinagwada. Kumanja kunali bwino. Kumanzere ndinakoka legeni, ndipo mng'alu unatseguka ngati kamwa la mwana wa mbalame. Unali utadya theka.

Mawu aja anali pakhosi. Ndinayang'ana msana wa a Lufeyo ukukwera ndi kutsika, thukuta likudontha pansi, anzawo akuwerenga, fifitini, sikisitini. Ndinaganiza za kolala ya kondakitala uja. Ndinadziuza kuti kwatsala kasanu kokha, lipirira. Ndinaphimba mng'aluwo ndi nsonga ya legeni. Ndinachoka.

Anakweza koyamba. Kachiwiri. Kachitatu manja akunjenjemera, paipi inapendekera kumanzere. Kachinayi ndi pamene linalira, kenako linaduka.

Diramu linatsetsereka n'kugwa. Kulemera konse kunatsala kumanja. Chitsulo chinawapotokola, anagwa chagada, paipi ikuwatsatira pakhosi. Sindikumbuka kuti ndinalumpha. Ndinangoona manja anga ali pansi pa paipi. Diramu lotsala linakumba dothi pafupi ndi khutu lawo. Pakati pa paipi ndi khosi lawo panali zala zanga basi. Ziwiri zinathyoka. Ululu ndinaumva pambuyo pake.

Foni inkawerengabe. A Lufeyo anadzuka pang'onopang'ono, akugwira khosi.

"Mitundu," anatero. "Wandipulumutsa iwe."

Anandisisita pamutu. Anzawo anandigulira chakumwa chozizira. Sindinamwe. Ndikanakonda akanandimenya.

A Jafali atabwera anatola legeni lija n'kulitembenuza padzuwa. Mng'alu wakale umakhala wotuwa, watsopano wakuda. Wa legenilo theka linali lotuwa.

"Unauona?"

"Ndinauona, bwana."

"Ndiye?"

"Ndinaopa."

"Unaopa munthu kuposa maliro ake."

Ananditengera kuchipatala panjinga yamoto. Pobwerera anati zala zikapola ndibwere. Ndinkayembekeza kuti andichotsa ntchito. Kusandichotsako kunandisowetsa tulo.

Ntchitoyi ndikuigwirabe. Malegeni ndimayanika pamthunzi. Lililonse ndimalikoka kawiri pamaso panga ndisanamange. Lotuwa ndimalidula ndi mpeni kuti wina asalitole. Chala chimodzi sichipinda mpaka lero. Ndikagwada pachitsulo chimandikumbutsa kuti mantha sachoka, umangosankha choopa.

A Lufeyo anabweranso patatha miyezi iwiri, ndi anzawo omwe aja. Chigayo chomwecho. Ulendo wachiwiri ndinagwada, ndinakoka. Kumanja tsopano. Kamng'alu kakang'ono ngati tsitsi.

Anzawo anali pa seventini.

"Imani," ndinatero.

Mawu anatuluka aang'ono. A Lufeyo anadzuka ngati sanamve, anatambasula manja kuchitsulo. Ndinaponda paipi.

"Choka, Mitundu. Nthawi ikupita."

Sindinachoke.

"Iwe, wagwa mutu? Chotsa phazi ndisanalichotse ndekha."

Anaima pafupi mpaka ndinamva mpweya wawo pamphumi. Ndinawerama, khosi langa lili poyera pamaso pawo. Ndinamasula legeni la kumanja, la kumanzere. Ndinatulutsa madiramu. Paipi ndinaiika paphewa.

Anatukwana. Anatchula kwathu, anatchula mabelo a fodya. Wa foni uja anati tiitane a Jafali. Ine ndinatuluka mu shedi ndi paipi ija kuti asainyamulenso, ndinadutsa pambali pa sitolo kulowera kumsewu. Ankakuwabe kumbuyo. Sindinacheuke.