Kavaleni Nsapato, Tikudikira

Uthenga unandipeza ndikuthyola manachesi, dengu lili pambali. Foni inalira m'chitenje, ndipo anali Tadala, mdzukulu wanga. "Agogo, a Yohane abwera ndi ankhoswe awo. Banja silikuthanso. Loweruka kuli phwando kuno ku Boma, mubwere nonse." Dengu ndinaliponda, manachesi mbwee, ine nthungululu! Ndinavina, ndinavina, mpaka mbuzi zinathawa. Kenako ndinayang'ana nyumba ya Esinati kutsidya kwa msewu, n'kunena chamumtima kuti lako lakwana, iwe.

Ndikukumbukira ndili kamtsikana kuno ku Thambani, mano akutsogolo atangoguluka. Mayi anga anali atakwatiwanso ndi bambo wina wogwira ntchito ku Halale, ndipo ankanyamuka kuwatsatira. Tsiku la ulendo ndinawagwira chitenje kuyambira m'mawa. Iwo kumtondo, ine pomwepo. Iwo kubafa, ine pakhomo. Kwathu kuno amati mwana akalirira munthu wapaulendo amamuika tsoka, choncho mwana satsazikidwa, amapusitsidwa. Ntchito yondipusitsa anaitenga Esinati, mwana wa mayi aakulu, amene anali namwali kale.

"Iwe Felesiya, ukwera lole wopanda nsapato? Akakuseka ku Halale. Kavale nsapato, tikudikira."

Ndinayang'ana mayi. Anagwedeza mutu, maso ali pansi. Ndinathamangira m'nyumba, mtima uli dyokodyoko. Ndinali ndi tinsapato tapulasitiki tofiira, koma ndinapeza kamodzi kokha. Kanzake Esinati anali atakaponya pa denga la nkhokwe. Ndinasanthula mphasa, ndinasuzumira m'mitsuko, mpaka ndinamva lole ikulira. Ndinatuluka liwiro, nsapato ili m'manja. Pamsewu ndinapeza fumbi, fungo la dizilo, ndi makoko a nachesi limene mayi ankadya.

Esinati anaseka mpaka anakhala pansi. Anandipatsa dzina loti Nsapatoimodzi, n'kuphunzitsa ana onse kuliimba kudambo. Mayi anadzabwera ine ndili ndi wanga mwana kumsana.

Ndinakula, ndinakwatiwa, koma munthu akangonyamula chikwama, m'mimba mwanga munkazizira. Ndipo mkazi ameneyu sanalekere pa ine. Tsiku limene mayi ake a Tadala ankatengedwa kupita kuchipatala, ine ndili kumunda, Esinati yemweyo anauza kamwanako kuti, "Kavale nsapato." Mayi akewo anabwerako ali m'bokosi.

Tadala anakwatiwa ndi a Yohane, dalaivala wa thiraki yodutsa pamalire kupita ku Tete. Mwamuna wabwino, wosamwa, wosamenya. Koma ulendo uliwonse inali nkhondo. Tadala ankabisa makiyi, ankaimba foni mosalekeza, ankawanamizira akazi a ku Zobue. Iwo akabwerako, iye duu, osawayankhula. A Yohane anatopa, n'kubwerera kwawo. Esinati anakaimika nkhaniyo pamjigo. "Mtundu wa Nsapatoimodzi sukhala pabanja," anatero, ine ndikumva.

Namwino wina, mnzake wa Tadala, ndiye anamulozera kwa adokotala a zamaganizo ku Blantyre. Atapitako kangapo, adokotalawo anati abwere nane. Ndinkayembekeza jakisoni. Ndinapeza mayi wofatsa, mipando, ndi mafunso basi.

"Agogo, munthu akamanyamuka, thupi lanu limatani?"

Ndinagwira pamimba. Iwo sanandifulumizitse. Nkhani ya nsapato inatuluka yokha, ine kulira, Tadala kulira, pakuti aliyense sankadziwa ya mnzake.

"Tadala sadana ndi mwamuna wake," anatero adokotala. "Thiraki ikalira, thupi lake limakumbuka galimoto imene inatenga mayi ake. Iye akuithamangirabe."

Anamuphunzitsa kuponda pansi ndi mapazi onse, kupuma pang'onopang'ono, n'kunena poyera kuti ndikuopa, m'malo mobisa makiyi. Anaitanitsanso a Yohane. Anawauza kuti asamazembe m'mamawa pothawa phokoso, koma azitsazika akumuyang'ana m'maso, azinena tsiku lobwera, ndipo akachedwa pamalire aziimba foni. Sizinapole tsiku limodzi ayi. Chimanga chinadzalidwa, chinakololedwa, iwo akupitabe kwa adokotala.

Ine ndinafunsa langa. "Nanga Esinati, ndimukhululukire?"

"Kukhululuka sitikakamiza, agogo. Mkwiyo wanuwo uli ndi chifukwa."

Mawu amenewo ndinawamanga pa mfundo ya chitenje, n'kubwera nawo kumudzi.

Loweruka linafika, pikapu inaima pakhomo panga. Woyamba kukwera anali Esinati, wosaitanidwa, ndodo m'manja, duku latsopano, atamva kuti kuli nyama ya mbuzi. Anakhala kutsogolo, pamalo panga. Ndinayang'ana kumapazi kwake, mtima wanga n'kuyamba nyimbo.

"Achemwali, ku Boma ndi mapatapata? Akakusekani apongozi. Kavaleni nsapato, tikudikira."

Anatsika, kakasikakasi, n'kulowa m'nyumba mwake. Ine ndinakhala pamalo panga, n'kumenya chitseko. "Adalaivala, tiyeni!" Atatuluka, tinali titafika pamlatho. Adokotala anati munthu azitsazikidwa, ndiye ndinatulutsa mutu pawindo. "Tsalani bwino, achemwali! Tibwera madzulo!" Iye sanatichitirepo ngakhale zimenezo.

Lero ndikudziwa kuti misozi ya mwana siika munthu tsoka. Muuzeni kuti ndikupita, alire mutamufungata. Bodza lija la nsapato ndi limene limakalamba naye. Pakhomo panga linatha, ndipo womaliza kulimva ndi mwini wake.

Ku Boma tinavina mpaka miyendo inakana! Analipo a Yohane, atagwira Tadala dzanja pagulu. Analipo ankhoswe, a Bizaliyele ndi a Fulaye. Analipo mayi Nasiwelo, apongozi, ndi ana awo Dalitso ndi Mwayi. Anabwera Agatha namwino uja, anabwera a Saidi a golosale ndi akazi awo mayi Amina, anabwera a Domingo ochokera ku Zobue, Rozina wa kwaya, Eneti, Velonika, ndi ine Felesiya, nditavala nsapato zonse ziwiri.