Mpira wa Mzungu Wamtali wa pa Galaja

Nthawi ya Chitaganya ndinkagwira ntchito ya umakaniko pa galaja ina yokonza malole ku Limbe, limodzi ndi achimwene anga. Pakati pa azungu a pamenepo panali mmodzi amene sanali Mngelezi. Anali wa ku Lithuania, wamtali ngati bulugamu, woti polowa pakhomo ankachita kuwerama. Nkhondo ndiyo inamuchotsa kwawo. Azungu anzake sankamuitana ku kalabu yawo, choncho masana ankakhala nafe pamthunzi wa lole, nkumakukuta chinangwa chootcha.

Ankati kwawoko ntchito yake inali kusewera basiketibolo. Ankalandira malipiro, anayenda maiko, anthu ankadzaza nyumba kudzamuonerera. Ife tinkangoti eya, eya. Munthu ndi ndevu zake kulembedwa ntchito yoponya mpira m'dengu? Kuno timati imeneyo ndi ntchemberembaye, ya atsikana a ku mishoni.

Anakhomerera malimu awiri a njinga pamitengo kuseri kwa galaja, natiphunzitsa kunjanjitsa mpira tikaweruka. Zimene ankafuna sizinali zambiri: kamodzi kokha wina alimbane naye zenizeni, monga ankachitira kwawo. Koma ife tinkadziwa lamulo losalembedwa la masiku amenewo. Ukakhudza mzungu, ntchito yatha. Bambo athu anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique, ndipo anatilera ndi mawu omwewo.

Ndiye masewera ake anali otere. Mzunguyo akagwira mpira, tonse tinkapatuka ngati kukudutsa maliro. Ankafika pa limu yekhayekha, nkuponya, ife nkuwomba m'manja. Mpira ukamupulumuka nkugwera wa timu ina, ameneyo ankaubweza ndi manja awiri, mawondo atapinda pang'ono.

“Landa! Landa ine!” ankakuwa motero m'Chinyanja chake chothyokathyoka, nkhope ili psuu.

“Zikomo bwana,” tinkayankha, nkupatukanso.

Achimwene anali a mtima wapachala. Anali atangokwatira kumene, alamu anga ali ndi pakati, kanyumba ka lendi ku Ndirande. Ndinkawauza poyenda kuti asayerekeze kumukhudza mzunguyo. Iwo ankati zikuwanyansa kuona munthu wamkulu akupempha ngati mwana.

Tsiku lina Loweruka mzunguyo akubwera ndi mpira, achimwene sanapatuke. Anamutchingira ndi chifuwa, phewa kwa phewa, nkuumenya mpirawo phaa! Mzungu uja anaterereka pa oyilo, khuu pansi chagada. Iye anadzuka akuseka ngati wapenga, misozi ili mbwembwembwe, nawakumbatira achimwene ndi maovolosi awo amafutawo. Sindinamuonepo atakondwa chotero. Anasewera awiriwo mpaka thukuta kamukamu, ife tikungoonerera.

Bwana wamkulu, Mngelezi, anali ataona zonse pawindo la ofesi. Lolemba m'mawa achimwene anauzidwa kuti atule masipanala, chifukwa anagwetsa Mzungu anthu akuona. Wa ku Lithuania uja analowa mu ofesi kukachonderera kuti amenewo ndiwo masewerawo, kuti anachita kupempha yekha. Mawu ankamveka mpaka panja. Anamuyankha kuti iyenso ndi mlendo wongosungidwa, ngati sakudziwa khalidwe la kuno njanji ili pafupi. Anatuluka atazyolika. Madzulo omwewo anazula malimu aja, ndipo za basiketibolo sanazitchulenso.

Zinandipweteka, sindinama, koma ntchito yanga ndinaigwirabe. Achimwene anayamba kumata machubu a njinga pansi pa mtengo ku Ndirande, ndipo ku galaja sanabwererenso moyo wawo wonse.

Patapita masabata angapo mzunguyo anandipempha kuti ndimuperekeze kwa achimwene. Tinapeza alamu okha, akuchapa pakhonde, mimba ili kutsogolo. Iye anavula chipewa, nkuwapatsa mpira uja, umene ankati anachoka nawo kwawo. Alamu anapukuta manja pachitenje, nagwada, nkuulandira ndi manja awiri. “Zikomo bwana.”

Mzunguyo atangokhota kuseri kwa nyumba, alamu analowa m'kati, natuluka ndi mpeni wosendera mbatata, nkuubaya mpirawo ine ndikuona.