Manda a Don Tello Kuseri kwa Waya

Don Tello, dzina lawo lonse Eleuterio Carrasquillo, anabadwira m'mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, pamalo pomwe asilikali apamadzi a ku America anadzamanga kampu yawo. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, mabanja onse anauzidwa kuti asamuke pasanathe masiku khumi. Anthu anazula malata, anamanga nkhumba miyendo, n'kukwera malole. Chimene sanathe kunyamula ndi manda. Mayi awo a Tello anatsala komweko, pamodzi ndi khanda limene anamwalira nalo tsiku limodzi.

Ine ndinawadziwa nditayamba ntchito ya ukalaliki ku khonsolo ya tauni yathu, kuno kum'mawa kwa Puerto Rico. Iwo anali dalaivala wa basi ya khonsolo, munthu wamfupi wa ndevu zapamlomo, wosapsa mtima msanga. Nthawi imeneyo khonsolo, boma la chilumba ndi akuluakulu a kampu anali atangosainirana mgwirizano. Kampu inkatipatsa madzi a m'mipope, ndipo galimoto yawo yozimitsa moto inkatuluka nyumba ikamapsa m'tauni. Ife tinkakonza msewu wopita ku geti ndi kuwatayira zinyalala. Kumapeto kwenikweni kwa pepalalo kunali mizere itatu yonena kuti Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse basi ya khonsolo izilowa ndi anthu okaona manda, maola awiri okha. Mizere imeneyo inalowamo chifukwa Don Tello anakhala pakhomo pa meya m'mawa uliwonse kwa miyezi inayi, chipewa chili pabondo.

Ntchito yanga inali kutaipa mayina a opitawo, chifukwa wosalembedwa bwino ankabwezedwa pa geti.

"Mwana wanga, dzina la Doña Genoveva walilakwitsanso? Mwezi watha anawatsitsa, ndiye anandinyoza njira yonse," anatero Don Tello tsiku lina.

"Akanakunyozani bwanji njira yonse poti anatsala pa geti?"

"Pobwerera. Anandidikira."

Anthu ankakwera ndi zikwanje, maluwa, makandulo ndi mapoto a mpunga wa nandolo. Msilikali ankalowa n'kuwerenga mitu, polowa ndi potuluka. Ku mandako ziliza za simenti zinali zochepa. Mitanda yambiri inali yamitengo ndipo inali itaola kalekale, koma Don Tello ankadziwa pogona aliyense, poyang'ana mwala wakuti kapena mtengo wa mango wakuti. Anaphunzira kwa bambo awo, amene anali wokumba manda. Ankatsogola ndi chikwanje, akulozera uku ndi uku.

"Apa ndi pa mkazi woyamba wa a Pabón. Maluwa musachulutse, wachiwiri ali apoyo akuona."

Akamaliza kuperekeza aliyense kwa wake, ankapita kwa mayi awo. Sankapemphera mokweza. Ankazula udzu ndi manja, n'kukhala pansi mpaka msilikali atayang'ana wotchi.

Anagwira ntchito imeneyi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Poyamba basi inkadzaza, ena n'kuimirira. Kenako okalamba anayamba kutha, ana awo n'kumapita ku New York ndi ku Orlando, mpaka mndandanda wanga unatsala ndi mayina khumi ndi limodzi.

Imvi zitayamba, Don Tello anayamba kupempha chinthu china: kuti mu mgwirizano muwonjezedwe mzere wolola amene anabadwira m'mudzimo kukaikidwa komweko. Akazi awo, Doña Monserrate, sanasangalale nazo.

"Ndiye ine mundisiye ndekha ku manda a m'tauni, bambo a Nilsa?"

"Iwe uzidzabwera Lamlungu loyamba, pa basi."

"Akuyendetsa ndani, poti dalaivala adzakhala ali pansi?"

Vuto linali lakuti mkulu wa kampu ankasintha zaka ziwiri zilizonse. Wina akangoyamba kumvetsa, wasamutsidwa, ndipo Don Tello ankavalanso malaya awo oyera kukafotokozera watsopanoyo kuyambira pachiyambi, ine ndikumasulira. Ndinawamasulira kwa akuluakulu asanu. Wachisanuyo, munthu wamtali woyesetsa kulankhula Chisipanishi chokhotakhota, anakwera nafe basi tsiku lina. Anavula chipewa pa manda a mayi a Tello, anafunsa dzina la khandalo, n'kuuzidwa kuti linalibe. Sabata yotsatira anatumiza uthenga woti wavomera. Mzerewo ndinautaipa ndekha. Tsiku losainira analiika Pasaka akangodutsa.

Pasaka asanafike, kunamveka kuti kampu ikutsekedwa.

Ena m'tauni anavina, makamaka amene anakhala zaka zambiri akuchita zionetsero pa geti. Ena analira, chifukwa pafupifupi banja lililonse linali ndi wake wochapa, wophika kapena wotchetcha kapinga m'katimo. Don Tello anali pakati pa osangalala. Anandigulira khofi n'kunena kuti pepala lija ndingoling'amba, chifukwa asilikali akachoka wayayo achotsa, aliyense azilowa yekha ndi miyendo.

Waya sanachotsedwe. Malowo anapita m'manja mwa ofesi ina ya ku likulu, ofesiyo inalemba kampani ya alonda, ndipo mgwirizano wathu unangofa poti mmodzi mwa osainira kunalibenso. Madzi anayamba kubwera masiku atatu pa sabata. Masitolo a mumsewu wa ku geti anatseka limodzi limodzi. Khonsolo inagulitsa basi, Don Tello n'kupumitsidwa ntchito.

Lamlungu loyamba anabwereka galimoto ya mpongozi wawo n'kutenga okalamba anayi. Anapeza tcheni ndi loko pa geti.

"Ine ndilibe pepala lililonse, bambo," anatero mlonda. "Manda ake ati? Muli manda muno?"

Ndinalemba makalata ambiri m'dzina la khonsolo. Ofesi iliyonse inkayankha mwaulemu kuti nkhaniyi ndi ya ofesi ina.

Apa m'pamene anayamba kulowa mozemba. Anapeza pomwe waya anang'ambika, cha kudambo, ndipo ankayenda maola awiri ndi chikwanje ndi botolo la madzi, munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri. Doña Monserrate anabisa nsapato zawo, iwo anapita ndi masilipasi. Alonda anawagwira kawiri n'kuwabweretsa kunyumba pa galimoto, osawachita kanthu. Ulendo wachitatu anawapeza masana atatsamira mtengo, akulephera kudzuka, mbali imodzi ya thupi itafa.

Anakhala chaka ndi theka pa mpando pakhonde. Mawu ankatuluka ochepa, osamveka. Tsiku lina ndinapita ndi kope ndi pensulo, ndikuganiza kuti ndithandiza.

"Don Tello, tandijambulirani pogona anthu aja. Muyambe ndi mayi anu."

Anagwira pensulo ndi dzanja lamanzere. Anajambula mzere umodzi, kenako kanthu kozungulira komwe mwina kanali mtengo. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, milomo ikugwedezeka, akufuna dzina limene silinkabwera. Misozi inayamba kutsika. Akazi awo anandilanda kopelo mwakachetechete n'kundiperekeza mpaka pamsewu.

"Usadzabwerenso nalo, mwana wanga. Iwe wekha uzibwera."

Anamwalira mu Ogasiti, nyengo yotentha kwambiri. Tinawaika ku manda a m'tauni, m'chipupa chokhala ndi mabowo olowetsamo mabokosi a maliro, mzere wachitatu kuchokera pansi. Maliro atatha, Nilsa anatenga mayi ake kupita nawo ku Orlando, ndipo nyumba yawo ilibe munthu mpaka lero.

Patapita zaka zinayi geti linatsegulidwa, chifukwa boma linafuna msewu wopita kudoko. Tinapita anthu asanu. Tchire linali lofika m'khosi, ndipo mahatchi osochera anali ataponda paliponse. Tinapeza ziliza za simenti zisanu ndi chimodzi. Mitengo ya mango inalipo yambiri kuposa kale, ndipo aliyense ankaloza wake, akulumbira kuti ndi umene unali pa manda a mayi a Tello. Tinalambula malo amene ambiri tinagwirizanapo, ngakhale ine mumtima ndinkaona kuti tinali kumunsi kwambiri. Mvula itayamba tinabwerera ku galimoto.