Ndinapaka Mafuta pa Kasefa, Kakatsalira M'khutu

Ndiyambe ndi kuvomera, inu owerenga, chifukwa mayi akunyumba andiuza kuti ndikabisa chilichonse alemba okha kalata ina. Ine, nkhalamba ya imvi mbuu, ndinatsala pang'ono kupha khutu langa ndi manja angawa, ndipo linali khutu limodzi lokhalo lomwe ndatsala nalo.

Lamanzere linafa kalekale. Ndinagwira ntchito yokonza makina pa fakitale ina yoluka nsalu ku Belmont, dera la mafakitale mu mzinda uno, ndipo phokoso la kumeneko linadya khutulo pang'onopang'ono. Fakitale inatsekedwa, khutu silinatsekuke. Choncho chilichonse chimene ndimamva pano padziko, kaya ulaliki, kaya miseche ya mu komboni yathu ya Nguboyenja, chimalowera kumanja.

Ndiye mdzukulu wanga Nomsa, yemwe amagwira ntchito ku Joni, ananditumizira kabokosi kudzera mwa malayitsha, anyamata onyamula katundu aja. Munali mahedifoni olowetsa m'khutu. Akuti anatopa ndi madandaulo a agogo ake aakazi kuti ndimakweza wailesi ngati ndili ku shabini. Pambali pake panali timasefa tachitsulo, tating'ono ngati njere ya mapira, takuda, toyera ndi tagolide. Umapotokola kamodzi n'kumanga kena, pamwamba n'kuveka kamphira, mawu n'kusintha. Pa foni Nomsa anandiuza mu Chindebele chake, poti Chichewa amangomva koma kuyankha chimamukanika, kuti ndiyambe ndawerenga kapepala. Ndinati eya. Kapepalako ndinayatsira mbaula.

Tsiku loyamba ndinasangalala, ndisaname. Takuda tinkagunditsa ng'oma mpaka m'chifuwa, ngati nyimbo za m'maminibasi a ku Lobengula akamaitana anthu. Tagolide sindinatikonde, tinkaluma ngati udzudzu, chitoliro chilichonse chinkandibaya mu ubongo. Toyera ndi tomwe tinandigwira mtima. Mlongo wanga wa ku Ntcheu amanditumizira mauthenga a mawu, ndipo mano ake anatha, kotero kale ndinkangomva theka. Ndi toyerato ndinamva zonse, ngakhale tambala akulira kuseri kwake.

Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo. Koma ine manja anayamba kuyabwa. Ndinkasintha timasefato m'mawa, masana, madzulo, magalasi ali pamphuno. Kawiri kasefa kanagwera pansi pa mpando, ine n'kukwawa ngati khanda, mayi akunyumba akundidumpha ndi tsache. Tsono pomanga ndinamva kuti mazinga ake akukhakhala. Zaka zonse zija ku Belmont ndinkaphunzitsa anyamata kuti chitsulo chouma ndi manyazi a mmisiri. Girizi ndinalibe, ndiye ndinatenga botolo la mafuta odzola la mayi, n'kupaka pang'ono ndi kamtengo ka machesi. Kanazungulira myaa, ine n'kudziyamikira kuti a ku China opanga zinthuzi ntchito sakuidziwa.

Linali Lachiwiri masana, ndili pakhonde, mahedifoni ali m'khutu. Mayi anandiitana kuti ndikagwire paipi, poti madzi anali atabwera patatha masiku. Ndinakoka chingwe cha mahedifoni mwachangu. Chinatuluka chopepuka. Kuyang'ana, kasefa kulibe, kamphira kulibe. Zonse zinali zitatsalira m'khutu lamanja.

Inu owerenga, apa ndi pamene uchitsiru weniweni unayambira. Kamphira ndinakakoka ndi zikhadabo, kanatuluka kokha, chifukwa mafuta aja anali atafika paliponse. Kachitsulo kanatsala. Ndinatenga nthenga ya nkhuku, monga ankachitira bambo anga pochotsa phula, koma nthengayo inangokakankha. Ndinayesa machesi. Ndinayesa kudumpha ndi mwendo umodzi mutu utapendekeka, kuseri kwa chimbudzi kuti anthu asandione. Pomaliza ndinayesa maginito a sipika yakale, koma kachitsuloko sikanali ka mtundu wogwidwa ndi maginito. Pofika madzulo dziko lonse linkamveka ngati ndili pansi pa mgolo wa madzi.

Mayi sindinawauze. Munthu amene wakhala zaka makumi akudzitama kuti palibe chomwe sangakonze amayamba bwanji nkhani yotero? Masiku atatu ndinkangogwedeza mutu pa chilichonse. Khutu linatupa, likutentha, kenako linayamba kutuluka madzi onunkha. Lachisanu mlongo wanga anaimba foni yekha, zomwe sachita kawirikawiri. Ndinaika foni pakhutu, sindinamve kanthu, n'kuibweza kwa mayi ndikunamizira netiweki. Iwo anayankhula naye bwinobwino, maso ali pa ine. Atamaliza anabwera kutsogolo kwanga kuti ndiwaone pakamwa, n'kukuwa.

“Abambo, m'botolo langa la mafuta muli machesi. Mwachita chiyani?”

Ndinaulula. Sanaseke, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kutupa kuja. Anangovala nsapato, n'kundiloza chipewa.

Ku kiliniki tinakhala pa benchi mpaka dzuwa linapendeka. Namwino wake anali mtsikana wa msinkhu wa Nomsa. Anaunika ndi katochi, n'kupukusa mutu, kenako anatenga kopanira kakang'ono. Ululu wake sindikufunira munthu. Kasefa kaja kanatuluka ndi magazi, kakunyezimira mafuta. Anakaika m'dzanja langa nati, ponditcha agogo mu Chindebele, “Khulu, ichi chinalowa chokha, koma mabala awa ndi a munthu. Munakumba ndi chiyani?” Ndisanatsegule pakamwa mayi anawerenga zonse: nthenga, machesi, maginito. Za mwendo umodzi ankazidziwanso, kani ankandionera pawindo. Namwino anati pakanadutsa masiku ena awiri, kapena machesi akanalowa pang'ono chabe, bwenzi tikukamba zina.

Ndinamwa mankhwala, kutupa kunaphwa, ndipo ndikumva. Koma sindimva ngati kale. M'khutumo mwatsala kamluzu kosatha, kofanana ndendende ndi wezulo ya ku fakitale yoitana anthu m'mawa. Fakitale inatsekedwa zaka zapitazo, koma ine ndimaitanidwa ku ntchito tsiku lililonse. Mlongo wanga ndikumumvanso theka, ndipo tambala uja sindinamumvenso.

Mahedifoni alibe mlandu, ndisawanamizire. Nomsa atamva pa foni anati kapepala kaja kanalemba kuti timasefa timangidwe zolimba, touma, ndipo uziyamba wakoka kamphira kuti uone ngati kagwira usanalowetse m'khutu. Ndinamuuza kuti kapepalako kanagwira ntchito ina yofunika. Mayi analanda bokosi lonse, anamangitsa toyera kwa wokonza mafoni ku msika, totsalato anatsekera m'chikwama chawo cha ku tchalitchi, mmene ngakhale mbala singalowetse dzanja.

Tsono inu anzanga okalamba, makamaka amene munagwirapo sipanala, ndimvereni poti ine ndikumva movutika. Ana akakutumizirani zinthu zawozi, sankhani kasefa kamodzi, mangani, musiye. Musapake kanthu. Chikatsalira m'khutu, musakumbe, ndipo uzani mayi akunyumba tsiku lomwelo. Manyazi anga anatha pa benchi ya kiliniki tsiku limodzi, koma wezulo ija ikulira ngakhale pano ndikulemba.