Ulusi wa Manang Sorsing

Lachiwiri tinaika m'manda mayi Consorcia Balandra, amene tonse m'parishi muno tinkawatcha Manang Sorsing, ngati kunena kuti achemwali Sorsing. Bambo mfumu andipempha kuti ndilembe za moyo wawo, ndipo ndikuwakayikira kuti andisankha dala, poti akudziwa zimene ndinachita.

Manang anabadwira m'banja la asodzi konkuno ku Capiz. Anasiya sukulu asanadziwe kulemba kuti alere azibale awo asanu, ndipo sanakwatiwe. Kwa zaka makumi atatu ankakankha machira a odwala ochokera ku opaleshoni m'chipatala chathu, koma Misa ya m'mawa sankaiphonya.

Anali ndi kachizolowezi kamene kankatizunguza mutu. Akafikitsa wodwala m'wodi, ankamanga ulusi kumwendo kwa bedi, ena woyera, ena wakuda. Kukacha ankazungulira mabedi onse n'kumafunsa mmene aliyense wagonera. Ife a ku Capiz dziko lonse limatinena za ufiti, ndiye maso athu sachedwa. Tinaona kuti ambiri a ulusi wakuda ankangotembenuka, kudzidzimuka ndi kubwebweta, pamene a woyera ankaliza mkonono.

Amuna anga, a Tiburcio, atawachita opaleshoni ya ndulu, ndinapeza wakuda pabedi lawo. Ndinaudula, ndinawaza mchere pansi, kenako ndinathamangira ku gulu lathu la kutchalitchi la Lejio ya Mariya. Ndinafunsa amayi anzanga kuti mkazi wopanda banja amafunanji pa tulo ta amuna a eni. Manang tinawachotsa m'gulu tsiku lomwelo. Zaka zisanu ndi ziwiri ankakhala okha pa benchi lakumbuyo, amayi akukokera ana awo kutali. Sanadziteteze. Ankangoti, "Odwala agone kaye, za ine zidzabwera."

Kenako kunabwera dokotala watsopano wogonetsa anthu pa opaleshoni, mayi Villaruel, amene anachita chinthu chimene ife tonse sitinachiganize: anawafunsa.

"Wakuda ndi wa amene mwawagonetsa ndi mpweya wa pamphuno uja," anayankha Manang. "Woyera ndi wa a jakisoni wonga mkaka. A mpweyawo ambiri tulo timawavuta, ndiye ndimadziwa bedi loti ndiimepo ndi kolona."

Dokotala anatsatira odwala ake kwa miyezi ingapo, ndipo anayamba kuganizirako za tulo posankha mankhwala, ngati thupi la wodwala lalola. Kutchalitchi ena anati nayenso dokotala wadyetsedwa. Ine ndinazindikira kuti ndinalakwa.

Ndinapita kwa Manang manyazi atandigwira, nditanyamula nsomba zouma ngati kuti nsomba zingalipe mlandu. Ndinawafunsa ngati a Tiburcio anawapemphererako.

"Tsiku loyamba lokha, Inday," anatero, akunditchula monga timatchulira asungwana kuno, uku akunditsanulira khofi. "Tsiku lachiwiri ndinapeza ulusi palibe, ndiye ndinayesa kuti ayamba kugona. Ndinapitirira."

A Tiburcio anakhala masiku atatu osaona tulo, ndipo amene anawadulira pemphero ndine. 

Manang anabwerera ku Lejio osatchula dzina la munthu aliyense. Anakalamba akuyendera odwala, ndipo sabata yatha, atalandira mafuta oyera, anagona masana kolona ili m'manja, osadzukanso.

Kumanda ndinaona amayi awiri akunong'onezana, maso ali pa ine. Ndikudziwa bwino zimene ankanena, poti ndinawaphunzitsa ndine. Anali atandiona ndikumanga ulusi woyera pa chogwirira cha bokosi.