Ndinatsutsa makina ndi phewa langa

Inu owerenga, ine sindine munthu wolankhulalankhula, koma ichi mumve. Mkono wanga wamanja ndinauwononga ndekha, dzuwa likuswa mtengo, chifukwa cha masewera a pa TV.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ndinkagwira ntchito pabwalo lina la besibolo, masewera oti wina amaponya mpira wina n'kuumenya ndi ndodo, kufupi ndi Germiston ku Joni. Ndinkatchetcha kapinga, kuthira laimu m'mizere ndi kusalaza kachulu koimapo woponya mpira. Sukulu ndinalekeza pulayimale, koma masewerawo ndinawaonera zaka zambiri. Ndinkadziwa kuti woponya aliyense amatopa. Akaponya nthawi yaitali, mpira umafooka, mphunzitsi n'kumutulutsa.

Loweruka lina ndinapita ku Katlehong kukaona mwana wanga wamkazi. Ndinapeza mkamwini wanga, bambo a Chisomo, atagula kamakina kolumikiza ku TV, ka masewera a besibolo omwewo. Poyamba ndinasangalala zedi! Bwalo lake lenileni, mizere yake yowongoka bwino. Koma kenako ndinayang'ana manambala. Woponya wa m'makinamo anaponya masewera onse, kuyambiranso ena, enanso, liwiro la mpira likulembedwa lomwelo osatsika. Womenya wina wamimba ngati mbiya ankatulutsa mpira kunja kwa bwalo nthawi iliyonse akagwira ndodo.

Magazi anandiwira. Ndinati limeneli ndi bodza, palibe mkono wotere padziko. Mkamwini anayankha mwaulemu, akumwetulira: “Bambo, amene anapanga zimenezi ndi eni masewerawa. Mwina kwawoko ndi mmene amaponyera.”

Mpongozi salimbana ndi mkamwini pamaso pa mwana wake. Zimenezo ndinkazidziwa. Koma ndinali ndi mpira wakale m'thumba la jekete. Ndinatuluka, n'kutsamiritsa matiresi akutha pakhoma, ndipo ndinati aone ndi maso mmene mkono wa munthu umafookera.

Ndinaponya. Phi! Fumbi linabuka pamatiresi. Ndinaponyanso. Phi! Oyandikana nawo anayamba kusuzumira pampanda. Amuna ena amene ankatsuka takisi anasiya ndowa zawo n'kubwera akukuwa m'Chizulu, “Shaya, madala! Shaya!” kutanthauza kuti menyani, achikulire. Azimayi analulutira. Abale inu, zaka zonsezo ndinkasalaza kachulu kuti ena aimepo, ndipo tsiku limenelo woponya ndinali ine! Ndinadzimva ngati mnyamata wongofika kumene ku Joni.

Phewa linayamba kutentha, mpira n'kumafooka. Apa ndiye poti ndikanaima n'kunena kuti mwaona, nkhani yanga ndi imeneyi. Koma m'manja munali mukuombedwa. Ndinaiwala chimene ndinatulukira. M'malo motsutsa makina aja, ndinayamba kupikisana nawo. Mwana wanga anati, “Ababa, basi kwakwana.” Sindinamuyang'ane n'komwe. Ndinakoka mkono ndi mphamvu zonse, ndipo m'phewa munamveka kuti thu! Mpira unagwera pamapazi panga.

Kuchipatala anati mnofu wang'ambika. Pabwalo paja anandidikira kanthawi, koma makina otchetchera kapinga sakankhidwa ndi mkono umodzi. Analemba wina.

Mkamwini anabwera kudzandiona, chipewa m'manja, n'kunena kuti, “Bambo, munkanena zoona.” Inde, ndinkanena zoona. Mkanganowo ndinapambana.

Inu owerenga, makamaka madoda anzanga, chinthu chopanda mnofu chikanama, chisekeni mukhale pansi. Ndipo anthu akamakuomberani m'manja, mverani thupi lanu, pakuti iwo akapita kwawo ndi mapewa awo athunthu. Woponya wa m'makina uja anapitiriza kuponya tsiku lomwelo mpaka madzulo. Ine mpaka lero jekete amandiveka ndi mkazi wanga.