Ana a Kondwani ku Mbamba Bay

Ndinanyamuka pa depoti ya Mzuzu chifunga chisanachoke, nditakumbatira chikwama cha laputopu ngati khanda. Maseva atatu atsopano, makompyuta aakulu osunga ntchito zonse za ofesi, anali atatsogola kale pa boti la katundu. Ntchito yanga inali yokawakhazika mu ofesi ya bungwe la amalonda a nsomba ku Mbamba Bay, tsidya la Tanzania, n'kuzimitsa akale amene anali atatopa.

Akalewo anawakhazika ndi malemu a Kondwani, amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Seva iliyonse imafunika dzina lakelake kuti anzake aziidziwa, ndipo iwo anawapatsa maina a ana awo: Chisomo, Mphatso ndi Takondwa. Ku ofesi munthu akati "Mphatso wadwala," tonse tinkadziwa seva yoti tithamangire. Tsopano kampani inali itakhazikitsa lamulo loti maina akhale zilembo ndi manambala basi. Koma ine ndinali nditalonjeza kale mkazi wa malemuwo, amake Chisomo, amene amagulitsa usipa ku Mbamba Bay komweko, kuti maina a anawo sachoka. Abwana anavomera monyinyirika. "Zikangovuta pang'ono, achemwali, ndiika manambala ndili konkuno," anatero.

Kondakitala wa minibasi analumbira kuti kwatsala munthu mmodzi. Munthu mmodziyo anasanduka amayi anayi ndi dengu la nkhuku. Tinatsika mapiri mabuleki akununkha, ndipo ku Nkhata Bay ndinadya nsomba ya batala yokazinga ndi chinangwa, n'kukadinditsa pasipoti.

M'boti ndinakhala ndi bambo wina wachikulire amene ankawolotsa matumba a shuga. Atandifunsa za ulendo wanga ndinawafotokozera, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye mukukapereka maina kwa makina? Wopereka dzinatu sapita chimanjamanja, mwana wanga. Mwawatengera chiyani anawo?"

Mphepo ya mwera inali itayamba, ndipo batala uja ankafuna kubwerera kwawo m'nyanja. Tinafika dzuwa litapendeka. Wa bodaboda, kabaza wa njinga yamoto, anandiyang'ana n'kunena kuti "pole, dada," koma chisoni chakecho sichinamuletse kunditchaja mashilingi zikwi ziwiri. Ndinagona nditadya chipsi mayai, tchipisi chokazingira limodzi ndi mazira.

M'mawa mwake ndinayamba ntchito m'kachipinda kotentha kuseri kwa ofesi. Ntchito yathu imayenda ngati youmba njerwa: umakonza seva imodzi bwinobwino, n'kuisandutsa chikombole choumbira zinazo. Pulogalamu ya kampani ndi imene imafufuta dzina m'chikombolemo n'kupatsa seva iliyonse nambala yake. Ine ndinaizimitsa pulogalamuyo kuti isandisokonezere maina. Yoyamba ndinaitcha Chisomo, ndipo dzinalo litaonekera pa sikirini ndinamva ngati a Kondwani aima kumbuyo kwanga ndi kapu yawo ya tiyi. Mtima uli m'malere choncho ndinaumba zinzake ziwiri, osakumbukira kuti ntchito yofufuta dzina tsopano inali yanga.

Nditawayatsa, onse atatu anadzuka akudzitcha Chisomo. Iliyonse inkakana inzake ngati wakuba, ndipo kutsogolo ku ofesi makompyuta anaima. Amalonda anali pamzere, lole ya ku Songea yodzatenga nsomba ikuliza hutala panja. Kalaliki anasuzumira pakhomo.

"Vipi, dada? Zikuyenda bwanji? Anthutu akudikira, nsomba sizidikira."

Ndinamupempha mphindi zochepa, ndipo zinali zokwanadi. Koma alamu inali italira kale ku ofesi yathu ku Mzuzu. Ndikulemba dzina la Mphatso, sikirini inaphethira, maseva n'kuzima, n'kuyakanso okha. Abwana anali atayatsa pulogalamu ija ali komweko. Maseva anadzuka ali mb-01, mb-02 ndi mb-03, atagwirizana bwinobwino, makiyi a chitetezo atamangidwa pa maina atsopanowo. Kuwasinthanso kukanafuna kugwetsa zonse, ntchito ya bungwe n'kuima tsiku lathunthu. Ndinaimba foni kuti ndichonderere, koma abwana anangoti, "Tinagwirizana, si choncho?" Madzi akatayika saoleka. Ndinakhala pansi pa simenti, ndipo ndinalira.

Masana ndinatsikira ku msika wa kugombe. Amake Chisomo ndinawapeza akutembenuza usipa pa thandala, atamanga duku lofiirira. Anandipatsa chigoba cha ndowa kuti ndikhalire, n'kufunsa za ku Mzuzu, za mayi anga, za mtengo wa ufa. Kenako anafika pamene ndinkaopa.

"Nanga ana anga ali bwanji m'makina atsopanowo?"

Bodza linali pafupi, chifukwa iwo salowa m'kachipinda kaja. Koma ndinawauza zonse, kuyambira chikombole mpaka manambala. Anamvetsera manja ali mu usipa.

"Mwati onse atatu anadzuka ali Chisomo?"

"Eya, mayi. Ndine ndinalakwitsa."

Anaseka pang'ono, misozi ikulengeza. "Ndiye mwatengeradi aphunzitsi anu. Bambo awo akafulumira ankawaitana onse kuti Chisomo, mpaka Mphatso ankakwiya." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Kungoti Loweruka ndinawauza anawo kuti ndidzapita nawo kukawaonetsa maina awo m'makinamo. Wamng'onoyo bambo ake sawakumbuka."

Pobwerera panyanja panali bata, koma sindinadye kanthu. Pachifuwa ndinali nditakumbatira kathumba ka usipa kamene anandikakamiza kutenga, ine amene ndinapita chimanjamanja. Masiku ano ndikamaumba maseva ndimayang'ana dzina kawiri ndisanakopere, ndipo sindilonjezanso munthu kanthu ntchito isanathe. Ku ofesi alamu ikalira anzanga amati mb-02 yavuta. Ine ndimanyamuka osayankha, chifukwa pakamwa panga pamabwerabe Mphatso.